Mawu Amene Amayi Ako Sananene

Enifa mwana wanga,

Amene anayamba kundiuza zimene ndikufuna kukuuzazi ndi amalume anga a Zakeyu, amene iwe sunawaone. Iwo ndiwo ankanena mbiri ya malemu pa maliro onse a kuno kumtunda kwa Nsipe ine ndisanayambe, ndipo ntchitoyi ndinaitengera kwa iwo ndi makutu, osati m'buku. Tsiku lina tikusoka matumba a mbatatesi pamsewu, ndinawafunsa ngati mawu anayamba awatherapo anthu atakhala kale pansi kudikira. Anati kambirimbiri. Anati wokamba nkhani akauma pakamwa, si kuti mawu atha ayi, koma mwina pali chimene sakuchidziwa, mwina pali munthu amene akumuopa. Nditafunsa kuti nanga mankhwala ake n'chiyani, anandiuza kuti ndigwire bwino kukamwa kwa thumba, mbatatesi zikutayika. Anali otero amalume. Zotsalazo ndinaphunzira ndekha, mochita kugwa.

Mawa ukukwera minibasi kupita ku koleji. Ndikanatha kukukhazika pansi n'kukuuza pakamwa, koma ukundidziwa: ndiyamba za iwe, ndikathera ku mbuzi za anthu ena, iwe n'kumati ababa fikani pa mfundo. Ndiye ndayamba kulemba masana ano pansi pa mtengo wa mapichesi, iwe utapita kukatsanzika kwa amayi ako aang'ono a Lusiya. Zilembo zangazi n'za sukulu ya kwacha, ndinaziphunzira imvi zitayamba kale. Pamene zakana kuwerengeka ungoganizira.

Kope lako lachikuto chofiira lija ndalipeza m'dengu la mapepala oyatsira moto. Ndinakumvanso dzana ukuuza a Lusiya kuti mutu wauma, zolembalemba si zako, ukangolimbikira za m'kalasi basi. Miyezi yonseyi wakhala ukulemba nkhani ya amayi ako m'kope limenelo, ndipo kuyambira nthawi yokolola chimanga sunawonjezemo tsamba limene linakhalitsa. Umakhala pakhonde, kuluma cholembera, kulemba pang'ono, kung'amba. Ndalichotsa m'dengumo ndipo ndaliika pansi pa chikwama chako, kunsi kwa bulangete, pamodzi ndi kalatayi. Usalisiye kopelo. Werenga kaye mpaka kumapeto, kenako uchite zimene ukufuna.

Maliro oyamba amene ndinayankhulapo ndekha anali kudambo la mpunga, cha ku Manjawira. Amalume anatupa mwendo, ndiye anatuma ine. Malemuwo anali a Bitoni, munthu amene sindinamuonepo ali moyo. Ndinafika mwambo utatsala pang'ono kuyamba, jekete ili paphewa, osafunsa munthu aliyense kanthu, poganiza kuti pakamwa ndili napo kale. Ataitana dzina langa ndinaimirira, ndinapereka ulemu kwa onse oyenera ulemu, kenako m'mutu munangoti mbee. Ndiye ndinatola mawu amene amalume ananena mwezi wapitawo pa maliro a mkulu wina wa mpingo. Ndinati malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukweza mawu, wokonda mtendere ndi anansi ake. Ndinangomva adzukulu okumba manda aja ayamba kutsokomola mmodzimmodzi, amayi ena akubisa nkhope m'zitenje. Osadziwa kuti a Bitoniwo dambo lonse linkawadziwa ndi kutseka ngalande ndi zibuma kuti madzi alowe m'munda mwawo tsiku la anzawo, ndipo wowafunsa ankamulandira ndi mpini. Titachoka kumanda, amayi amasiye anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanakalipe. Anati, "Bambo, mawu anu ndi abwino ndithu. Koma amene mumanenawo ndi amuna a ndani? Anga aja anali ovuta, ndipo ine ndikulira omwewo." Ndinabwerera wapansi mpaka pamsewu osatsanzika.

Kuyambira pamenepo ndinkafika pa maliro molawirira. Ndinkayamba kwa adzukulu, chifukwa iwo sabisa, kenako kwa amayi otunga madzi. Sindinkafunsa kuti malemu anali munthu wotani, funso limenelo aliyense amayankha kuti wabwino. Ndinkafunsa kuti ankayenda bwanji, ankakwiya ndi chiyani, khasu lawo ankalisiya pati. Munthu mmodzi akangondiuza kuti malemu ankamanga nsapato zawo ndi waya, mbiri yonse inkatseguka yokha. Ndiye iwe kumeneko ukauma, usathamangire kutola mawu okongola m'mabuku a anthu ena kuti utsekere pabowo. Owerenga adzatsokomola ngati adzukulu aja. Ika cholembera pansi, pita ukafunse. A Lusiya foni ali nayo, ndipo amakumbukira mpaka mtundu wa diresi limene amayi ako anavala tsiku limene ndinakawafunsira. Kafunse zing'onozing'ono.

Kulakwitsa kwina ndinachita uli ndi zaka zinayi kapena zisanu. Amayi a kwaya anandipempha kuti ndiwapekere nyimbo ya tsiku la zokolola kutchalitchi, ndipo anandipatsa masabata atatu. Ine ndinafuna mzere woyamba ukhale woti abusa akaumva avule magalasi. Ndinakhala pakhonde kuyang'ana phiri, sabata yathunthu. Ndinalamula kuti pasapezeke wosinja pafupi, ngakhale nkhuku ndinkaziponya miyala. Sabata yachiwiri wina anandinamiza kuti masese amatsegula kukhosi. Ndinapita, ndipo nyimbo ndinabwera nayodi, koma sinali yoti n'kuimba m'tchalitchi, ndipo amayi ako anaimva ndili kutsidya kwa mtsinje. Nthawi yonseyi mvula ikuwaza, mbatatesi kumunda zikugwidwa chiwawu chifukwa wopopera mankhwala anali pakhonde kudikira mzere woyamba. M'mawa wina amayi ako anabwera ndi mpope, anauika pamapazi pangapa, n'kunena kuti, "Bambo a Enifa, nyimboyo ikanakhala kuti ili pakhonde pano bwenzi nditaipeza kale posesa." Ndinanyamula mpope ndili wokwiya. Ndili pakati pa mizere, dzanja likukwera n'kutsika pa chogwirira, ndinangozindikira kuti ndikung'ung'udza motsatira dzanjalo. Mawu amene anabwera sanali a pachiyambi ayi, anali a pakati, onena za masamba akuda ndi munthu wobwera kwa Mulungu ndi dengu losadzaza. Ndinawabwerezabwereza mokweza mpaka madzi atatha mu mpope. Mzere woyamba unabwera pomalizira penipeni, tili m'njira kupita kokonzekera, ndipo anaupereka ndi amayi ako, ngakhale kutchalitchi ndinalandira kuyamikira ndine. Theka la munda uja linapita. Nyimboyo amaiimbabe.

Ndiye kumbuka, mwana wanga, usadikire pachiyambi. Yambira pamene pali moyo, ngakhale pakhale pakati, mutu udzauika pambuyo. Ndipo usakhale pampando tsiku lonse kulimbana ndi pepala ngati kuti lakulakwira. Kumeneko kulibe munda, koma zovala zochapa zidzakhalapo, pokolopa padzakhalapo. Manja akamagwira ntchito, nena nkhaniyo mokweza ngati ukuuza munthu. Anzako akakuyesa wamisala, uwauze kuti n'zakumtundu.

Palinso nkhani ina imene ndinaipha ndekha ili yaing'ono. Inali ya agogo ako aamuna, mmene anayendera ulendo wa ku migodi n'kubwerako ndi wailesi yopanda mabatire, imene mudzi wonse unkabwera kudzangoiona. Ndinali nditangoyamba kuilumikiza m'mutu, miyendo isanalimbe, pamene ndinakaifotokoza pa bawo ku Boma. Pamenepo panali a Kenala, munthu woseka chilichonse, amene sanapekepo ngakhale nyimbo yotonthozera mwana. Ndisanafike pakati anati nkhani yanga ili ngati minibasi ya masana, ikungolira injini koma siikunyamuka. Anthu anaseka, ine ndinasekanso nawo, ndipo sindinaikambenso. Lero ndikaifuna ndimangopeza wailesiyo, zina zonse zinapita, chifukwa ine pepala ndinalibe. Iwe pepala uli nalo, ndiye ukuling'ambiranji? Ku koleji a Kenala ukawapeza ambiri, ena ovala mataye. Chinthu chikadali chachiwisi usachionetse pagulu, ndipo chimene chakunyansa lero usang'ambe. Pinda tsambalo, pitirira. Usang'ambe, ndabwerezanso.

Tsopano ndazungulira mokwanira. Amayi ako akanakhalapo bwenzi atanena kale kuti bambo inu, tsikani panjinga mwafika. Zonse ndanenazi ndi zoona, koma si zimene zakuumitsa iwe, ndipo ine ndikudziwa.

Masamba amene unkang'amba aja ndinkawatola. Ndinawawongola pabondo n'kuwawerenga, pang'onopang'ono monga mwa kuwerenga kwanga. Undikhululukire pa chimenecho, pakuti sunandipatse. Onse amaima pamalo amodzi. Amayi ako ali pabedi kuchipatala, akuitana ine, n'kunena kuti musamuuze mwana, alembe kaye mayeso. Pa tsamba lina akunena akulira. Pa lina akumwetulira. Pa lina akunong'ona, atandigwira dzanja. Ndipo paliponse, mawu amenewo akangotha, pamatsatira mizere yokhwatchakhwatcha mpaka pepala kubooka. Iwe ukuti mutu wauma. Mutu wako uli bwinobwino. Khutu lako ndi limene likukana, chifukwa amayi ako unkawadziwa mayankhulidwe awo. Mawu amenewo akukana kukhala m'kamwa mwawo chifukwa sanawanene. Ndinanena ndine.

Zinayenda chonchi. Unali ku sukulu yogonera komweko, ukulemba mayeso a Folomu 4, nyengo yozizira ija. Amayi ako anali atagona m'chipatala ku Boma sabata imodzi, a Lusiya akuwadikirira. Lachiwiri adokotala ananditengera pambali n'kundiuza mosabisa kuti amene akufuna kuwaona abwere msanga. Ndinakhala pansi pa mtengo kunja kwa wodi ndi a Lusiya ndi amalume ako. Ndinati mwana watsala ndi mapepala atatu, tikamuitana zaka zinayi zonse zigwera m'madzi, asauzidwe. A Lusiya anakana. Anati mayeso amabwerezedwa. Koma ukudziwa kuti pokangana ndi pakamwa palibe amene amandiposa, ndipo ndinawagonjetsa onse awiri. Masana omwewo amayi ako anandiitana pafupi. Mawu awo enieni anali awa: "Aimbireni aphunzitsi ake, abwere ndimuone." Ndinatuluka ndi foni m'manja, ndinazungulira mpanda wa chipatala mpaka kubwerera pamene ndinayambira, osaimba. Nditalowa ndinawauza kuti ndaimba, aphunzitsi avomera, ukwera minibasi yoyamba m'mawa.

Zotsatira zake zina ukuzidziwa. Unafika Loweruka ndi sutikesi yako pa kabaza, unapeza msasa wa maliro usanaphwasulidwe, manda atatha masiku awiri. Utatha kulira unandifunsa kuti analamula ndani kuti usauzidwe. Unandiyang'ana m'maso. Ine, munthu amene ndaimapo pamaso pa makamu osanjenjemera, ndinatenga mawu anga n'kuwaika m'kamwa mwa munthu amene sakanatha kuwakana. A Lusiya ndinawapempha kuti asanditsutse, ndipo asunga zimenezi zaka ziwiri, mosafuna. Usawakwiyire iwo.

Mwezi umodzi chichitikireni zimenezo kunagwa maliro kutsidya, ndipo anandiitana monga mwa nthawi zonse. Ndinachita zonse zimene ndakulangiza m'kalata muno. Ndinalawirira, ndinafunsa adzukulu, ndinafunsa amayi kumjigo, mbiri ndinali nayo yonse m'manja. Nditaimirira, palibe chinatuluka. Ndinatsokomola, ndinati chifuwa, wina anawerenga za papepala, tsiku lobadwa ndi chiwerengero cha ana. Kuyambira tsiku limenelo sindinanenenso mbiri ya munthu. Anthu amati ndi chisoni cha akazi anga, ndipo ine ndimawalola aganize choncho. Koma amalume a Zakeyu ananena zinthu ziwiri, ndipo ine ndi iwe tinagawana. Iwe pali chimene sunkachidziwa. Ine pali munthu amene ndinkamuopa, ndipo munthuyo amanditengera madzi osamba tsiku lililonse n'kumanditchula ababa. Ndikaimirira kuti ndinene zoona za malemu a eni ake, ndimamva za malemu anga zili pakhosi.

Sindikulemba kuti undikhululukire lero. Mayeso unakhoza, ku koleji ukupita, ndipo zaka ziwirizi ndakhala ndikubisala kuseri kwa zimenezo, kumadziuza kuti ndinachita bwino. Mwina pa mayesopo ndinaganiza ngati kholo, mwina ayi, ndilibenso mtima wodziweruza ndekha. Koma kuwanamiza amayi ako ali pabedi, ndi kuwanamizira atagona m'manda, pamenepo palibe mbali yabwino. Ukafuna kukhala teremu yonse osandiimbira foni, ndimva. Chimene sindikufuna n'choti usiye kulemba chifukwa cha bodza langa, n'kumayenda moyo wako wonse ukuganiza kuti unalephera ndiwe.

Ndipo ukamalemba, undilembe mmene ndinalili. Usandipange munthu wofatsa wa ku Manjawira uja. Ngati ukuopa kuti anthu a kuno adzawerenga n'kundiloza chala, asiye aloze, ndili ndi msana. Ukakwiya, lemba uli wokwiya, udzakonza mtima ukatsika. Chokhacho usang'ambe.

Chatsala ndi m'mawa wa Lachitatu, umene palibe anakuuzapo. Ndikupatsa wonse, chifukwa ndi wako.

Amayi ako anadzuka ali ndi mphamvu kuposa masiku onse a sabata imeneyo. Anauza a Lusiya kuti awapukute kumaso ndi kuwadzoza mafuta, ati mwana asawapeze otuwa. Anakana duku limene anagona nalo, anafuna lobiriwira lija la kutchalitchi, ndipo a Lusiya anamanga kawiri chifukwa koyamba linapendama. Anati awatsamiritse kukhoma, nkhope iloze kukhomo la wodi. Panali lalanje limene wina anabweretsa dzulo lake. Anati lisendedwe, ligawidwe, liikidwe m'mbale n'kuvundikira, chifukwa iwe ukatsika minibasi umakhala ndi mseru. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndikakudikire pageti, mawodi ndi ambiri, ungasochere.

Ndinapita. Ndinaima pageti paja kuyang'ana minibasi zikutsitsa anthu, a kabaza akulimbirana katundu, ine ndikudziwa bwinobwino kuti nthawi imeneyo uli m'holo ndi cholembera m'manja. Mlonda anandifunsa ngati ndikudikira munthu, ndinati eya. Ndikanatha kubwerera pakapita mphindi zochepa n'kupeka china, kuti minibasi yawonongeka panjira, kapena kunena zoona. Sindinabwerere. Ndinaima pamenepo kuyambira dzuwa lili pa denga la chipatala mpaka litafika pamutu, chifukwa ndinkaopa nkhope imene inali kuyang'ana kukhomo. Amene anadzanditenga ndi a Lusiya, atavula nsapato, akuyenda pang'onopang'ono. Ndiye ukamalemba usalembe kuti ndinali pambali pawo nditawagwira dzanja. Ndinali pageti.

Ndinawafunsa a Lusiya tili m'njira kubwerera ku wodi ngati ananenapo kanthu. Anati anafunsa kawiri ngati wafika. Kachitatu sanafunse. Anangoseka pang'ono, maso ali kukhomo, n'kunena kuti, "Wafika ameneyo. Koma bambo akewo amuimika pageti, akumufotokozera nkhani." Atatero anati awagoneke pang'ono, uwadzutse ukalowa.

Amenewo ndiwo mawu a amayi ako. Yambira pamenepo.

Ndine bambo ako,
amene ndalemba ndi dzanja langa.